Dziko likatuluka mu bungwe la malonda zimatha bwanji? Mafunso ndi mayankho kuchokera pa Mangochi boma

Ine ntchito yanga ndi ya fotokope ndi kuthandiza anthu kulemba mafomu pa boma pompano, nde tsiku silidutsa osabwera munthu wa nkhani ya pasipoti, wina akufuna kutsika ku Joni, wina mchemwali wake ali ku UK akuti amuitana, wina ndi wa geni amakatenga katundu ku Mandimba. Podikira makina atenthe timacheza, ndipo mafunso ake amakhala omwewomwewo. Ndangoti ndiwalembe pamodzi ndi mmene ndimayankhira.

Kodi bungwe la malonda lomwe mukunenali ndi chani kwenikweni?

Ndi mayiko kugwirizana kuti katundu wopangidwa kwa mnzako azilowa kwanu opanda dyute kapena ndi dyute yochepa, nawenso wako azilowa kwawo chimodzimodzi. Ife a Malawi tili mu SADC, tinali nawo pomwe imayamba ku Lusaka mu 1980 ikutchedwa SADCC, tilinso mu COMESA yomwe inakhazikitsidwa mu 1994. Koma mabungwewa safanana kuya kwake. La ku Ulaya lija, EU, ndi lozama kwambiri: katundu, ndalama, ntchito ndi anthu zonse zimayenda ngati dziko limodzi, munthu wa ku Poland amangonyamula chikwama kukayamba ntchito ku Germany osapempha pemiti. Athuwa sanafike pamenepo, ndipo kusiyana kumeneku mukusunge mmutu chifukwa tibwerakonso.

Nanga Brexit yomwe inkamveka pa wailesi ija inali chani?

Ndi dzina lomwe anapatsa kutuluka kwa Britain mu EU. Analowa mu 1973, nde pa 23 Juni 2016 anavota pa riferendamu, ofuna kutuluka anapeza pafupifupi 52 pa 100 aliwonse, ofuna kukhala 48. Nduna yaikulu David Cameron yemwe anaitanitsa yekha votiyo analengeza mmawa wake kuti atula pansi udindo. Koma kuvota ndi kwina kutuluka ndi kwina, anakokanakokana zaka zitatu ndi theka, Theresa May yemwe analowa mmalo mwa Cameron nayenso mpando unamutentha mpaka anachoka, anadzamaliza ndi Boris Johnson pa 31 Januwale 2020, ndipo malamulo akale anapitirira kugwira ntchito mpaka 31 Disembala chaka chomwecho. Pangano latsopano la malonda anagwirizana pa 24 Disembala 2020, kutatsala sabata imodzi yokha, anthu a mabizinesi anadya Khirisimasi akuwerenga mapepala.

Chomwe ambiri kuno sadziwa nchoti Scotland, abale ake a Livingstone aja omwe tili nawo pa ubale wakalekale, anavota 62 pa 100 kuti asatuluke, koma anatuluka nawo basi poti voti inawerengedwa ya dziko lonse.

Anatulukiranji ngati zinali bwino?

Zifukwa zinali zingapo koma zomwe zinkamveka kwambiri ndi ziwiri, zoti malamulo awo azipanga okha osati ku Brussels komwe kuli likulu la EU, ndi zoti alendo achuluka. Kuyambira 2004 pomwe Poland ndi mayiko ena a kummawa analowa mu EU anthu ambiri anapita kukagwira ntchito ku Britain, nde eni dziko ena anayamba kudandaula kuti malipiro akutsika, nyumba zikusowa, kuchipatala mizere. Mukamva choncho simukukumbuka zomwe amatinena ku Durban ndi ku Johannesburg? Nyimbo yake ndi yomweyo, angosintha woyimba.

Panalinso basi yofiira yomwe inkazungulira dziko lonse italembedwa kuti amatumiza mapaundi 350 miliyoni sabata iliyonse ku EU, bola ndalamazo zipite ku zipatala. Bungwe loona za ziwerengero la boma lawo lomwe linanena kuti nambalayo ndi yosocheretsa, chifukwa sinachotsere ndalama zomwe zinkabwerera. Koma nambala yolembedwa pa basi imalowa mmutu msanga kuposa lipoti, zimenezo olo kuno nthawi ya kampeni timazidziwa.

Chuma chawo chinagwa kapena chinakwera? Tiuzeni zoona.

Sichinagwe ngati khoma la zidina nthawi ya mvula ayi, mashopu ali chitsegukire, koma chinayamba kudontha pang'onopang'ono ngati bwato lobooka. Usiku wa zotsatira womwewo paundi inatsika pafupifupi 10 pa 100 poyerekeza ndi dola ya America, kufika pomwe inali isanafikepo kuyambira 1985. Ife amene tinaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 kenako 44 pa 100 mu Novembala 2023 tikhoza kuseka kuti 10 nchani, koma zotsatira zake nzofanana, chilichonse chochokera kunja chimakwera mtengo ndipo amene amamva kuwawa ndi wogula sopo ndi mafuta ophikira.

Bungwe la boma lawo lomwe limalosera za bajeti, OBR, limawerengera kuti pakapita nthawi chuma chidzakhala chochepa ndi pafupifupi 4 pa 100 kuyerekeza ndi mmene chikanakhalira akanapanda kutuluka, ndipo malonda akunja ochepa ndi pafupifupi 15 pa 100. Ofuna Brexit amatsutsa, amati Covid ndi nkhondo ya ku Ukraine zinasokoneza zonse nde simungaloze chala chinthu chimodzi. Pang'ono ali ndi mfundo, koma ine sindinamvepo olo mmodzi wa iwo akuonetsa phindu lalikulu lomwe analonjeza lija.

Koma mesa anagwirizana kuti pasakhale dyute? Nde vuto lili pati?

Apa mpomwe pali nkhani yonse, ndipo a geni mumvetsetse. Dyute kulibedi pa katundu wambiri, koma mapepala anabwera. Kale lole imachoka ku Birmingham kukafika ku Paris ngati mmene imachokera ku Monkey Bay kupita ku Limbe, osaima, pano pafunika dikilaleshoni ya kasitomu, umboni woti katunduyo anapangidwadi ku Britain osati anangodutsitsa wa ku China, ndipo ngati ndi nyama, mkaka kapena nsomba pafunikanso setifiketi ya dokotala wa ziweto. Pepala lililonse ndi ndalama, ndi ejenti woti umulipire, ndi maola oima pa boda.

Kampani yaikulu imalemba anthu asanu ntchito yongolemba mafomu, nkupitiriza. Wamng'ono wotumiza makatoni khumi pa mwezi amangosiya, chifukwa mtengo wa pepala ndi womwewo kaya watumiza katoni imodzi kaya kontena. Ine wa fotokope ndikanakhala kumeneko bwenzi ndikusangalala, bizinesi yanga ikanakula, koma dziko silingalemere ndi kudinda mapepala.

Ine ndine msodzi wa ku Makawa, ndinamva kuti asodzi akumeneko ndi amene ankafunitsitsa kutuluka. Zinawayendera?

Achimwene, funso lanu ndi lomwe limandikhudza kwambiri. Asodzi ambiri ankafunadi kutuluka, dandaulo lawo linali loti maboti a ku France, Spain ndi Netherlands akupha nsomba mmadzi awo pomwe iwo apatsidwa gawo lochepa. Mukhoza kumvetsa, tangoganizani mmene mumamvera matrola akamalowa kufupi ndi gombe komwe kuli zilimira zanu. Analonjezedwa kuti madzi abwerera kwa eni ake.

Chomwe anaiwala nchoti nsomba zambiri zomwe amapha sadya okha, amagulitsa ku Ulaya komweko, makamaka nkhanu ndi zina za mzigoba zomwe zimafunika zikafike zamoyo ku misika ya ku France ndi Spain. Januwale 2021 atangoyamba malamulo atsopano katundu anayamba kuchedwa pa mapepala, zina kuwonongeka mmalole, mitengo pa doko inagwa, mpaka madalaivala a malole a nsomba ochokera ku Scotland ndi madera ena anakaimika malole awo pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London pokwiya. Gawo la nsomba anawonjezeredwadi koma pang'onopang'ono kwa zaka zisanu ndi theka, maboti a ku EU nkumaphabe mmadzi momwemo. Nde inu mukudziwa, chambo chachiwisi sichidikira munthu, usipa bola umayanika pa thandala nkusunga, koma chambo ukachedwa nacho pa rodibuloko tsiku limodzi ayezi nkusungunuka ndiye kuti wataya. Kukhala ndi nyanja yonse wekha koma msika uli tsidya lina la boda, phindu lake lili pati?

Alendo anachepadi monga ankafunira?

Iyi nde yoseketsa. Ayi, anachuluka kuposa kale. Ufulu woti wa ku EU azingolowa unatha pa 31 Disembala 2020, omwe anali kale mdzikomo anauzidwa kuti alembetse pofika 30 Juni 2021 ndipo analembetsa mamiliyoni, ambiri kuposa mmene boma linkaganizira. Obwera kuchokera ku Poland ndi Romania anachepadi. Koma ntchito zomwe ankagwira sizinathe, okalamba ofuna kusambitsidwa alipobe, zipatso zofuna kuthyoledwa zilipobe, malole ofuna madalaivala alipobe. Mu Seputembala 2021 mafilingi siteshoni ambiri anauma, osati poti mafuta kunalibe koma oyendetsa matanka anasowa, azungu kuima pa mzere ndi zigubu ngati ife, mpaka boma linatulutsa maviza 5,000 a kanthawi a madalaivala ndi kuitana asilikali kuti athandize kuyendetsa.

Nde anatsegula khomo lina. Viza yatsopano sinkayang'ana kuti ukuchokera ku Ulaya kapena ayi, bola uli ndi kampani yokulemba ntchito, chizungu ndi malipiro ofika mlingo wake. Anabwera ambiri ochokera ku India, Nigeria, Zimbabwe, Philippines, ena ngati ophunzira ena ngati osamalira okalamba, mpaka mu 2023 olowa kuchotsera otuluka anapitirira 900,000 pa chaka chimodzi, pomwe nthawi ya riferendamu inali cha mma 300,000. Munthu anavota kuti alendo achepe, nkupeza achuluka katatu, angosintha khungu ndi chilankhulo.

Eni akenso anataya, mzungu wa ku Britain pano ku Spain kapena France amaloledwa masiku 90 okha pa masiku 180 aliwonse, akafuna kukhalitsa kapena kugwira ntchito apemphe viza. Akumvako kukoma kwa kuwerenga masiku pa chidindo ngati mmene timawerengera ife 30 ya ku Joni.

Nde kuti ife a Malawi mwayi wopita ku UK unatseguka? Mchemwali wanga akuti pali ejenti.

Achemwali khalani pansi kaye. Khomo linatsegukadi mu Febuluwale 2022 pomwe ntchito yosamalira okalamba inaikidwa pa mndandanda wa viza, ndipo a Malawi ena anapita. Koma manambala atakwera andale anachita mantha nkuyamba kutseka. Mu Malichi 2024 analetsa osamalira okalamba kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, mu Epulo 2024 malipiro ofunika pa viza ya ntchito zaluso anakwera kuchoka pa mapaundi 26,200 kufika 38,700 pa chaka, ndipo mu Julayi 2025 anatsekeratu kulemba osamalira okalamba atsopano kuchokera kunja. Komanso Malawi ili pa mndandanda wa WHO wa mayiko omwe ali ndi anamwino ndi madokotala ochepa, nde malamulo a UK salola makampani kubwera kudzasaka anthu a zaumoyo kuno, olo munthu payekha akhoza kufunsira ntchito.

Nde wina akakuuzani lero kuti mupereke mamiliyoni akupezerani pepala la ntchito yosamalira okalamba, dziwani kuti akufuna akudyereni. Pashopu panga pano anabwerapo mayi wina ndi kalata yoti ndimupangire fotokope, atagulitsa kale puloti, kalatayo chizungu chake chokha chinkaonetsa kuti yalembedwa pa foni. Ndinamuuza, sanandimvere, anati ndine wa nsanje. Sindinamuonenso, kaya zinatha bwanji. Pepala lenileni la sponsa wolemba ntchito saloledwa kukugulitsa.

Tiyi ndi shuga wathu zimalowabe ku UK?

Zimalowa opanda dyute. Ali mu EU tinkalowera pa ndondomeko yomwe imalola mayiko osaukitsitsa kugulitsa chilichonse kupatula zida za nkhondo, atatuluka anapitiriza zofanana, ndipo mu Juni 2023 anayambitsa yawoyawo yotchedwa DCTS. Chovuta nchoti pano misika ndi iwiri, malamulo awiri, katundu wofikira ku Rotterdam kenako nkuwoloka kupita ku London amakumana ndi boda yomwe kale kunalibe.

Zimenezi ndi za azungu. Kuno ku Africa linatulukapo dziko?

Ambiri, kungoti sizimveka. Mozambique yomwe tikuiona apa pa Chiponde inatuluka mu COMESA mu 1997, Tanzania inatuluka mu 2000, ankati mafakitale awo ang'onoang'ono aphedwa ndi katundu wotchipa wa anzawo komanso boma litaya ndalama za msonkho. Namibia nayo inachoka. Seychelles inatuluka mu SADC mu 2004 nkubwereranso mu 2008. Nchifukwa chake pa Chiponde pepala la COMESA silikuthandizani, pamagwira za SADC ndi pangano la mayiko awiriwa, pomwe wa ku Mchinji wopita ku Chipata ali ndi njira yachidule ya COMESA ya ochita malonda ang'onoang'ono.

Yaposachedwa ndi ya Mali, Burkina Faso ndi Niger, omwe akulamulidwa ndi asilikali. Analengeza mu Januwale 2024 kuti akutuluka mu ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, zinachitikadi pa 29 Januwale 2025, anapanga bungwe lawo la AES ndi pasipoti yawo. Anyamata ambiri kuno amamukonda Ibrahim Traoré wa ku Burkina Faso, ma video ake ali mmafoni monse, koma taonani mapu, mayiko atatu onsewo alibe nyanja ya mchere ngati ife, katundu wawo amadzera ku Abidjan, Lomé, Dakar, Tema ndi Cotonou, ndipo anthu awo mamiliyoni amakhala ku Côte d'Ivoire. ECOWAS inati pakadali pano anthu ndi katundu aziyendabe monga kale pomwe akukambirana, kutanthauza kuti ufulu womwe unali wawo pano wasanduka chifundo cha mnzawo, atha kuwulanda tsiku lililonse.

Ndipo tisaiwale, ifenso tinatulukapo. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatha pa 31 Disembala 1963, ndipo palibe amene angati tinalakwa, chinali chotipondereza. Nde ine sindikunena kuti kutuluka nkolakwika nthawi zonse, ndikungoti kuli ndi mtengo wake, ndipo agogo athu omwe anali ku Salisbury ndi Bulawayo anadzuka tsiku lina ali alendo, ana awo ena mpaka lero ku Zimbabwe akuvutika ndi za unzika.

Nanga Malawi itatuluka mu SADC, ife opita ku Joni zingatikhudze bwanji?

Palibe amene akukonza zotuluka, koma funsoli ndi labwino chifukwa kuno ku Mangochi nyumba zambiri za malata ku Namwera, Katuli, Makanjira ndi M'baluku zinamangidwa ndi ma rand. Choyamba mudziwe kuti masiku 30 omwe amakudindirani pa Beitbridge si chilolezo cha ntchito, ndi ulendo wokacheza basi, ndipo amachokera pa malamulo a South Africa okhudza mayiko omwe safunika viza, osati kuti SADC inatipatsa ufulu wokhala kulikonse ngati wa ku EU uja. Pangano la SADC la kayendedwe ka anthu linasainidwa mu 2005 koma mayiko akhala akuzengereza kulivomereza. Nchifukwa chake olo tili mu bungwe limodzi anthu amagwidwabe nkutsekeredwa ku Lindela, ndipo ukapitirira masiku ako ndi oposa 30 amakuletsa kulowa zaka zisanu.

Nde kutuluka sikungafufute 30 ija tsiku lomwelo, koma kungatichotsere pokhalira pansi nkukambirana, ndipo mnzako ukamuuza kuti katundu wake azilipira dyute naye amayang'ana pomwe pangakupweteke. Ife pathu popweteka mpodziwika: basi ya ku Joni imadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, mayiko atatu a eni ake, mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Matransipota omwe amabweretsa mafiriji, njinga ndi makatoni a golosale kuchokera kwa ana athu ndi amene angayambe kulira, kenako makolo odikira pa depoti.

Akuluakulu akukumbuka 1974, ndege ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za ku migodi, itagwa ku Francistown nkupha a Malawi oposa 70, Kamuzu analetsa ulendo wa ku migodi, anthu masauzande anabwerera kumudzi nthawi imodzi opanda chochita. Kenako TEBA yomwe inalowa mmalo mwa Wenela nayo inadzatseka cha mma 1988. Zonsezo zinagamulidwa mmaofesi, wa ku mgodi anangouzidwa kuti longedza.

Koma katundu wakunja akupha alimi athu, bwanji osangotseka boda?

Dandaulo ili ndi lenileni, sindingalitsutse, zimawawa kuona tomato ndi anyezi wakunja mmashopu pomwe wathu akuwolera pa msewu. Koma tinayesako pang'ono mu 2025. Mu Malichi boma linaletsa kulowetsa zinthu zina monga ufa, mpunga ndi zipatso pofuna kuteteza alimi ndi kusunga forex, mu Epulo Tanzania inabwezera nkuletsa zokolola zathu, nkuopsezanso za feteleza ndi katundu wathu wodzera kwawo. Pa Songwe zinthu zinaima, amayi a geni a ku Karonga ndi amene anataya katundu, ndipo pasanathe milungu ingapo nduna zinakhala pansi nkugwirizana kuti zibwerere mwakale. Onsewo ndi mamembala a SADC, nde tangoganizani zikanakhala kuti palibe pangano lililonse lowakakamiza kukambirana. Mapangano omwewa ali ndi mpata woteteza zinthu zina kwa kanthawi ngati mwatsata njira yake, kusiyana ndi kungodzuka nkumenyetsa chitseko.

Angabwererenso a Britain aja?

Lamulo limalola kupemphanso, koma mayiko onse 27 ayenera kuvomera, ndipo zabwino zomwe anali nazo kale, monga kubwezeredwa gawo la ndalama zomwe ankasonkha, nzokayikitsa kuti angawapatsenso. Kafukufuku wa maganizo a anthu zaka zapitazi wakhala akuonetsa kuti ambiri akuti kutuluka kunali kulakwitsa, komabe boma la Keir Starmer lomwe linalowa mu Julayi 2024 linanenetsa kuti silibwerera mu EU, mu msika umodzi uja kapena ku zoti anthu aziyenda mwaufulu. Chomwe anachita mu Meyi 2025 ndi kukumana ndi a EU ku London nkugwirizana zoyamba kuchepetsa mapepala a zakudya ndi nyama, ndipo posinthana ndi zimenezo analola maboti a ku EU kupitiriza kupha nsomba mmadzi a Britain mpaka 2038. Achimwene a ku Makawa aja nditawauza zimenezi anangogwira pakamwa, nkundifunsa kuti fotokope ya laisensi ya boti ndi zingati.